Kudula kwa vinyo si kukoma kwake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene ikudyera mabanja ndalama zambiri m'nyengo ino ya zinkhoswe, maukwati ndi maphwando a kumapeto kwa chaka. Nkhaniyi ndi ya kagulidwe ka vinyo. Ndinagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa m'malo odyera alendo mumzinda wa Cape Town ndi m'dera la Stellenbosch kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mabotolo amene manja angawa anatsekula sindingathe kuwawerenga. Chimene ndinaphunzira kumeneko, ndipo ndikufuna awerengi anzanga achimve, ndi chakuti munthu akhoza kumwa vinyo wokoma ndithu popanda kukhuthula m'thumba, malinga adziwe zinthu zochepa zoyang'ana asanapereke ndalama.

Chimene chandilembetsa ndi ukwati wa mwana wa mchemwali wanga umene unachitika mwezi watha. Komiti ya ukwati, pofuna kulemekeza alendo a patebulo lalikulu, inagula mabotolo khumi ndi awiri a vinyo wofiira, ndipo inasankha wodula kwambiri amene inamupeza m'sitolo ina ya m'tauni. Ine monga malume anandipatsa ntchito yotsekula. Nditangokhudza botolo loyamba mtima unagwa, chifukwa chitsekerero chinali chitatukumuka pang'ono ndipo pakhosi pa botolo panali kamzere komata kosonyeza kuti vinyo anadonthapo. Fungo lake linali ngati la zipatso zophika zimene zapserera m'poto, ndipo pakamwa ankakanda ngati viniga. Nditafunsa bwino ndinamva kuti mabotolowo anachokera pawindo la sitolo, pamene dzuwa la masana limawomba tsiku ndi tsiku. Ndalama zimene zinatayika zinandiwawa, koma chimene chinandiwawa koposa ndi chakuti alendo ambiri analawa, nagwedeza mutu mwaulemu, nasiya matambula ali odzaza, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula. Pambuyo pake mayi wina wachikulire anandiuza motsitsa mawu kuti iye ankaganiza kuti vinyo wa anthu olemera amakoma choncho, ndipo kuti lilime lake ndilo losaphunzira. Lilime la mayiyo linalibe vuto lililonse. Vinyoyo anali wowonongeka.

Tiyambe ndi funso lakuti ndalama zimene timalipira pa botolo zimapita kuti. Vinyo wambiri amene ali m'masitolo athu amachokera ku South Africa, makamaka kuchigawo cha Western Cape, kumene anayamba kufinya mphesa m'chaka cha 1659. Kuchokera kumeneko kudzafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita opitirira 3,000, ndipo pa mtengo wake pamawonjezereka ndalama za thiraki, misonkho ya pachipata, phindu la woitanitsa ndi phindu la mwini sitolo. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wakunja anakwera, vinyo naye anakwera, koma zimene zili m'kati mwa botolo sizinasinthe. Kwawo komweko, vinyo wina amadula chifukwa anasungidwa chaka kapena kuposerapo m'migolo yatsopano ya matabwa yochokera ku France, imene uliwonse umalowa malita 225, pafupifupi mabotolo 300 okha. Wina amadula chifukwa munda wake ndi wotchuka, wina chifukwa botolo lake ndi lolemera ndipo chipepala chake chili ndi malemba agolide. Zina mwa zifukwa zimenezi zimamveka pakamwa, makamaka kwa munthu amene anazolowera, ndipo sindikukana kuti vinyo wina wodula ndi wabwino zedi. Koma zambiri mwa izo lilime silizimva. M'chaka cha 2008 akatswiri ena a ku America anafalitsa zotsatira za kulawa kopitirira 6,000 kumene olawawo sankadziwa dzina kapena mtengo wa chimene akumwa, ndipo anapeza kuti anthu wamba, osaphunzira za vinyo, sankakonda wodula kuposa wotchipa. Ine zimenezi sizinandidabwitse, chifukwa ndinkaziona ndi maso anga pamatebulo amene ndinkatumikira.

Vinyo wotchipa koma wabwino kawirikawiri amachokera m'madera amene mphesa zimabereka kwambiri ndipo alimi amapereka zokolola zawo ku mafakitale aakulu, monga Robertson, Worcester, Breedekloof, Swartland ndi m'mbali mwa mtsinje wa Olifants. Kumeneko vinyo amawira m'mathanki achitsulo osati m'migolo, ndipo amathiridwa m'mabotolo patangopita miyezi yochepa, n'chifukwa chake mtengo wake umatsika. Ndi vinyo wosavuta kumva, wonunkhira zipatso, wopangidwa mwaukhondo. Munthu akaona maina a madera amenewa pabotolo asaganize kuti wagula zotsalira.

Chipepala cha pabotolo chimanena zambiri kwa amene akudziwa pofunika kuyang'ana. Kuyambira m'chaka cha 1973 dziko la South Africa lili ndi lamulo loteteza chiyambi cha vinyo. Mukaona mawu akuti Wine of Origin, kapena zilembo W.O. motsatana ndi dzina la dera, ndiye kuti mphesa zonse zinachokera m'dera limenelo. Ngati atchula mtundu umodzi wa mphesa, magawo osachepera 85 pa 100 alionse ayenera kukhala a mtundu umenewo, ndipo ndi chimodzimodzi ndi chaka chimene alemba. Vinyo amene wayesedwa ndi kuvomerezedwa motere amakhala ndi kachidindo ka manambala pakhosi pa botolo, ndipo kachidindo kameneka kamapezeka ngakhale pa mabotolo otsika mtengo. Ine ndikamagula ndimayamba kuyang'ana pamenepo. Mawu ena ooneka apamwamba, monga Reserve kapena Selection, wopanga aliyense akhoza kuwalemba mmene wafunira, ndipo timapepala tozungulira tagolide si tonse timene tikuchokera kumpikisano weniweni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo botolo nalo limadziwa kuvala.

Mawu amene amasokoneza anthu ambiri kwathu kuno ndi akuti Dry. Satanthauza kuti vinyoyo ndi wouma kapena waukali kwambiri. Madzi a mphesa amakhala ndi shuga, ndipo yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa. Ikamudya pafupifupi yense, vinyoyo amatchedwa Dry, ndipo mwa malamulo a ku South Africa shuga wotsala sapitirira magalamu asanu pa lita imodzi. Semi-Sweet amakhala wotsekemera pang'ono, mpaka magalamu 30 pa lita, ndipo Natural Sweet ndi wotsekemera momveka bwino. Pano ndikufuna kunena mosabisa kuti kukonda vinyo wotsekemera si chinthu chochititsa manyazi. Ndaonapo anthu, makamaka achinyamata amene angoyamba ntchito, akugula vinyo wofiira wa khambi chifukwa anamva kuti ndi amene amamwa anthu odziwa, kenaka n'kumamwa atakwinya nkhope kapena n'kuthiramo chakumwa chozizilitsa kukhosi kuti atsike. Ife tinakula ndi thobwa, nzimbe ndi mango, ndipo palibe chodabwitsa kuti malilime athu ambiri amakondwera ndi zozuna. Maina monga Four Cousins ndi 4th Street anatchuka pa chifukwa chimenechi, ndipo ukali wa vinyo wotereyu umakhala wochepa, pafupifupi 8 peresenti, kusiyana ndi 13 kapena 14 ya vinyo wofiira wa Dry. Chenjezo langa ndi limodzi lokha: shuga amatha kubisa zolakwika, motero vinyo wotsekemera amene alibe kakuwawasa pang'ono kotsuka m'kamwa amatopetsa msanga, ndipo tambula yachiwiri imakhala ngati manyuchi.

Kwa amene akufuna vinyo woyera wosatsekemera, dzina limene ndimauza aliyense kuti aloweze ndi Chenin Blanc. Ndiwo mtundu wa mphesa umene umalimidwa kwambiri ku South Africa, moti dzikolo lili ndi minda ya mphesa zimenezi yambiri kuposa France kumene zinachokera, ndipo kuchuluka kumeneku ndiko kumatsitsa mtengo. Chenin Blanc wotchipa amanunkhira ngati gwafa kapena chinanazi chakupsa, amawawasa moyenera, ndipo sindinapezepo chakumwa china chimene chimayenda bwino ndi chambo chokazinga kapena chowotcha kuposa iyeyu. Mafuta a nsomba akakuta m'kamwa, kuwawasa kwake kumatsuka ngati mmene imachitira ndimu, ndipo nthongo yotsatira ya nsima imakoma ngati yoyamba. Sauvignon Blanc amachita chimodzimodzi, koma iye amawawasa kwambiri ndipo fungo lake lili ngati la msipu wongomweta kumene, choncho ena amamukonda, ena ayi.

Vinyo wofiira ali ndi nkhani ina, nkhani ya khambi. Aliyense amene analumapo nthochi yosapsa kapena suku laliwisi akudziwa mmene m'kamwa mumaumira. Khambi lotere limachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo limachuluka mu Cabernet Sauvignon. Vinyo wodula wa mtundu umenewu amapangidwa kuti asungidwe zaka zingapo kuti khambilo lifewe, ndiye munthu akamugula akadali wamng'ono n'kumumwa wopanda chakudya, amakhala walipira ndalama zambiri pa chinthu chimene nthawi yake sinakwane. Pa ndalama zochepa ndi bwino kuyang'ana Merlot, amene ndi wofewa, kapena Shiraz, amene ali ndi kafungo ka tsabola wakuda ndipo amagwirizana ndi nyama ya mbuzi yowotcha, kapenanso vinyo wosakaniza mitundu iwiri kapena itatu. Anthu ena amanyoza wosakaniza poganiza kuti ndi zotsalira, koma opanga amasakaniza dala kuti mtundu wina ukwirire pamene wina waperewera. Palinso Pinotage, mphesa za ku South Africa komweko zimene Pulofesa Abraham Perold anazipanga ku Stellenbosch m'chaka cha 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Pinotage wabwino amakoma ndi nyama ya ng'ombe yamsuzi kapena nkhuku yachikuda yophika nthawi yaitali, ngakhale ndivomereze kuti wina wotchipa kwambiri amakhala ndi kafungo ka mphira wopserera kamene si aliyense angakapirire, choncho ameneyu gulani botolo limodzi kaye. Ndipo ngati ndiwo zili ndi tsabola wa kambuzi wambiri, vinyo wofiira waukali amangowonjezera moto m'kamwa. Pamenepo wotsekemera pang'ono wozizira bwino ndiye woyenera.

Chikhulupiriro china chimene chikutayitsa anthu ndalama ndi chakuti vinyo aliyense amakoma akakalamba. Zimenezi ndi zoona kwa vinyo wochepa kwambiri, wopangidwira kusungidwa, ndiponso wosungidwa pamalo ozizira a mdima. Vinyo wotchipa amapangidwa kuti amwedwe msanga. Ku South Africa amakolola mphesa kuyambira Januwale mpaka Epulo, motero vinyo woyera wa chaka chomwe tili amatha kufika m'sitolo chakacho chisanathe. Woyera ndi wofiirira uja wa Rosé gulani wa chaka chino kapena chatha. Wofiira wotchipa asapitirire zaka zitatu kapena zinayi. Mukapeza botolo la vinyo woyera wotchipa la zaka zisanu zapitazo litatsitsidwa mtengo, dziwani kuti mwini sitolo akufuna kulichotsa, ndipo mukaliunika padzuwa mudzaona kuti mtundu wake wayamba kuda ngati tiyi.

Koma mdani wamkulu wa vinyo m'dziko lathu ndi kutentha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono chifukwa ndi pamene ukwati wathu uja unagwera. Vinyo amasungika bwino pa madigiri a pakati pa 12 ndi 15. Akakhala nthawi yaitali pamalo opitirira madigiri 30 amayamba kuphikika m'botolo momwemo, fungo la zipatso limathawa, ndipo sangabwererenso ngakhale mumuike m'firiji sabata yathunthu. Tsopano taganizirani ulendo wa thiraki yochokera ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete pamene aliyense amene anadutsapo akudziwa mmene dzuwa limaotchera, kenaka kuima pamzere pachipata cha Mwanza m'mwezi wa Okutobala. Botolo likapulumuka zonsezi, si bwino kuti lidzafere pawindo la sitolo kapena pashelefu yapamwamba pansi pa denga la malata. Choncho musanayang'ane botolo, yang'anani sitolo. Gulani pamalo pamene katundu amayenda msanga, chifukwa botolo limene lafika mwezi watha ndi labwino kuposa limene lakhala chaka likusonkhanitsa fumbi. Tengani la kumbuyo kwa shelefu kumene kuli mdima, ndipo ligwireni ndi dzanja: ngati likufunda, lisiyeni. Onani ngati chitsekerero chatukumuka, ngati pakhosi pali zomata, kapena ngati vinyo watsika kwambiri kufika m'mapewa a botolo. Mabotolo otsekedwa ndi chitsekerero cha khungwa lofewa la mtengo ayenera kugonekedwa kuti khungwalo lisaume n'kulowetsa mpweya. Ndipo mukagula, musalisiye m'galimoto yotseka pamene mukukagula zina mumsika.

Pa chifukwa chomwechi ine ndimakonda mabotolo a chivindikiro chopotokola. Ena amati chimenechi ndi chizindikiro cha vinyo wachabechabe, koma opanga ambiri odziwika anasamukira ku chivindikiro chotere chifukwa khungwa nthawi zina limapatsira vinyo fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda cha nkhungu. Chopotokola chilibe vuto limenelo, botolo likhoza kuimirira, ndipo simusowa chotsekulira. Dzenje la kunsi kwa botolo nalonso, limene ena amalowetsamo chala poyesa ubwino wa vinyo, silinena kanthu za kukoma kwake.

Za vinyo wa m'bokosi ndinene mwachidule. Pa phwando la anthu ambiri, bokosi la malita atatu ndi lofanana ndi mabotolo anayi, la malita asanu limaposa mabotolo asanu ndi limodzi, ndipo mtengo wa tambula imodzi umatsika kwambiri. Thumba la m'kati limafota vinyo akamatuluka, mpweya sulowa, motero bokosi lotsekulidwa limakhala milungu ingapo pamene botolo lotsekulidwa limatha mphamvu pa masiku atatu kapena asanu ngakhale lili m'firiji. Koma bokosi losatsekula silikhalitsa ngati botolo, choncho yang'anani tsiku limene alembapo, ndipo ngati muli ndi mwayi sankhani limene latchula mtundu wa mphesa. Kuthira vinyo wa m'bokosi m'jagi yagalasi yoyera n'kuika patebulo si chinyengo, ndi kulandira alendo mwaudongo.

Kaperekedwe nako kamasintha zinthu popanda kuwonjezera ndalama. Mawu akuti vinyo wofiira samuziziritsa anachokera kumaiko ozizira, kumene m'nyumba mumakhala madigiri 16 mpaka 18. M'nyumba ya ku Nsanje kapena ku Salima nthawi ya chilimwe, vinyo wofiira wosaziziritsa amangomveka ukali wokhawokha. Muikeni m'firiji kapena m'ndowa ya madzi ozizira kwa theka la ola, ndipo mudzadabwa mmene botolo lotchipa limasinthira. Woyera azizire bwino, koma asachite kuundana, chifukwa akazizira kwambiri fungo limabisala.

Tisaiwalenso kuti vinyo si wa mphesa zokha. Ku Lilongwe kuli vinyo wa Linga wopangidwa ndi zipatso za konkuno monga jambula, gwafa, mapulamu ndi chidede. Kukoma kwake n'kosiyana ndi kwa mphesa ndipo sayenera kuyerekezedwa ngati kuti akupikisana, koma sanayende makilomita 3,000, ndipo zipatso zake anagula kwa alimi athu. Ndikanakonda makomiti a maukwati akanamamuika pamndandanda wa zolawa.

Sindingalembe za vinyo wotchipa osatchula mbali yake yowawa, chifukwa ndinaiona. M'minda ya mphesa ya ku Western Cape, kwa zaka mazanamazana, antchito ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo wa pansi kwambiri, mchitidwe umene ankautcha dop. Lamulo linauletsa, koma zipsera zake zidakalipo, ndipo chigawo chimenecho ndi chimodzi mwa madera a dziko lapansi kumene kumabadwa ana ambiri olumala ubongo chifukwa amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Ifenso tinaona zimene masacheti anachita kwa achinyamata athu boma lisanawaletse. Kutchipa kumene ndikunena m'kalata muno ndi kwa munthu wamkulu amene akufuna tambula imodzi kapena awiri pa chakudya, osati kwa wofuna kuledzera ndi ndalama zochepa. Vinyo amanyenga chifukwa amatsika bwino kukhosi. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu, ndipo ngati ukali wake ndi 13 peresenti, botolo lonselo likufanana ndi mabotolo pafupifupi asanu ndi limodzi a mowa wamba wa m'botolo laling'ono. Mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 18 ndi munthu amene akuyendetsa galimoto asapatsidwe ngakhale pang'ono, ndipo pa phwando pakhale madzi ndi zakumwa zina zokwanira kuti wosamwa asaoneke ngati mlendo wachiwiri.

Kwa eni masitolo ndi malo odyera, pempho langa ndi lakuti chotsani vinyo pamawindo ndi pafupi ndi mbaula, gonekani mabotolo a khungwa, ndipo phunzitsani anyamata ndi atsikana amene amagulitsa kuti azitha kuyankha funso losavuta lakuti vinyo uyu ndi wotsekemera kapena ayi. Kasitomala akabweza botolo lonunkha viniga kapena nkhungu litangotsekulidwa, mulandireni, chifukwa kumene ndinkagwira ntchito botolo lotere tinkalisintha popanda mkangano, ndipo munthuyo ankabweranso. Kwa ogula, funsani popanda manyazi, pakuti safunsa anadya phula, ndipo mukapeza botolo limene lakukomerani jambulani chipepala chake pafoni kuti ulendo wina musadzayambirenso kufufuza.

Mu Disembala muno tili ndi chinkhoswe cha mng'ono wake wa mkwatibwi uja, ndipo komiti yavomera kuchita zimene ndinapempha. Kutatsala milungu iwiri tidzagula mabotolo anayi otsika mtengo, limodzi la Chenin Blanc wa chaka chino, limodzi la Rosé wotsekemera pang'ono, limodzi la Merlot ndi limodzi la vinyo wa zipatso za kwathu. Tidzawakulunga m'mapepala kuti dzina ndi mtengo zisaoneke, tidzaphika ndiwo zomwezo zimene tidzapereke pa tsikulo, ndipo aliyense wa m'komiti adzalawa pang'ono n'kunena chimene lilime lake lamva. Awiri amene adzasankhidwe ndi anthu ambiri ndiwo tidzagule, ndipo adzasungidwa pansi pa bedi m'chipinda cha kumpoto kwa nyumba, kumene dzuwa la nyengo ino silifika ndi mphamvu. Mayi wachikulire uja ndamuitana kuti adzakhale nawo pa kulawako, ndipo wavomera.

Ine wanu wowerenga mokhulupirika,
Malume wa ku Zomba